Dzanja Lozizira la Mkonzi Hoekstra

Chipale chofewa chakwirira mapesi a chimanga ku Iowa,
ndipo mabasi a andale ayambanso kuima pomwetsera mafuta.
Ndi nyengo ya chisankho cha chipulula.
Aliyense wasanduka mlosi:
wometa tsitsi, wokonza mathirakitala,
ngakhale Marlys wa pa lesitilanti
amene wandanda mabotolo asanu pa kauntala,
lililonse ndi dzina la wofuna mpando,
kuti wogula khofi aziponyamo njere imodzi ya chimanga.
Akuti mabotolo sanama.
Koma Lachiwiri ndinaona mdzukulu wake
akukhuthulira dzanja lathunthu m'botolo la bambo wandevu uja
chifukwa anampatsa chipewa chaulere.

Ine ndine Wendell Hoekstra,
mkonzi wa nyuzipepala ya masamba asanu ndi atatu,
awiri mwa iwo a maliro ndi mitengo ya nkhumba.
Zaka zinayi zilizonse ndimaika dzina limodzi patsamba loyamba
n'kunena kuti uyu ndiye wathu.
Kasanu ndi kawiri ndatero.
Kasanu ndi kawiri munthuyo wagwa chagada.
Wina anasiya mpikisano inki isanaume.
Wina anapeza mavoti osakwana n'chiwerengero cha abale ake.

Tauni yonse imadziwa.
Kutchalitchi amandipatsa moni m'manja muli m'thumba.

Lachinayi kunabwera mnyamata wa suti,
nsapato zake zam'tauni zitanyowa mpaka masokosi,
mthenga wa Senata Aukerman.
Anaika keke ya maapozi pa desiki, n'kukhosomola kawiri.
Bambo Hoekstra, a Senata amakulemekezani kwabasi.
Akupempha kuti, ngati n'kotheka,
mutchule dzina la mnzawo uja.

Ndinaseka mpaka magalasi anagwera m'keke.
Usiku ndiye zinandilasa.

Pajatu mayi ameneyu ndiye wandigwira mtima.
Ndinali pomwepo, pa mpando wopinda m'holo ya sukulu,
pamene Lyle Brandvold anaimirira ndi ndodo yake
kufunsa za chipatala chathu chimene anatseka.
Ena onse akanayankha ndi uchi.
Iye anati: sindikudziwa, koma ndikafufuza,
n'kulemba nambala ya Lyle pachikhatho, pepala litasowa.

Ndiye nditani?
Ndikalemba dzina lake, ndamukumbira manda.
Ndikalemba la winayo, ndanamiza anthu mazana asanu ndi anayi
amene amandiwerenga asanayatsire moto pepalalo.

Pa kanema, amuna a mano oyera akuombeza ndi mapu a mitundumitundu.
Uyu ali ndi makumi atatu pa zana,
uyo akumupumira m'khosi,
bungwe la aphunzitsi lapendekera uku,
abusa atatu apendekera uko.
Mawa adzanena zina osaphethira n'komwe.
Iwo akaphonya amati mphepo yatembenuka.
Ine ndikaphonya amati ndi dzanja.

Malemu mkazi wanga Arlene ankapukuta mbale n'kumati,
Wendell, dziko silizungulira pa nsonga ya cholembera chako,
anthu aja ankagwa okha, iwe unkangokonda ofooka.
Sindinadziwe konse ngati kunali kunditonthoza.

Loweruka m'mawa makina anagunda, mawindo n'kunjenjemera.
Dzina lake, zilembo zazikulu ngati za nkhondo.
Mnyamata wa suti anaimba foni kanayi. Sindinayankhe.
Keke ija ndinali nditadya kale.

Tsopano ndi Lolemba usiku, holo yomwe ija,
majekete akudontha pa mizere ya mpira wamanja.
Anthu akugawikana m'makona, aliyense kwa munthu wake.
Ndaima pansi pa dzina lake.
Lyle wandiyang'ana, wasuntha pang'ono,
kenaka wabwereranso.
Marlys akuwerenga mitu ndi pensulo,
milomo ikuyenda,
wafika pa ine, waima kaye,
wandiwerenga.